Wodwala Khunyu Asaleke Mankhwala Cifukwa ca Tulo

Odwala khunyu ambiri amene amabwerera m'mbuyo amakhala kuti analeka mankhwala pa njira. Munthu wa ku Rufunsa akalandira mapilisi a phenobarbitone ku kiliniki kapena ku cipatala ca St Luke's ku Mpanshya, masiku oyamba amagwidwa tulo masana, thupi nalefuka. Ena poona tero amaganiza kuti mankhwala awaonjezera matenda, nasiya kumwa osauza munthu.

Apa ndi pamene pali ngozi. Khunyu ndi matenda a mu ubongo, ndipo mapilisi amagwira nchito pokhapo akakhala m'magazi tsiku ndi tsiku. Wodwala akaleka mwadzidzidzi angathe kugwa mobwerezabwereza osatsitsimuka, mwina ali pa mbaula, pootcha makala kapena pa mtsinje wa Lunsemfwa. Bungwe la WHO linena kuti mwa odwala 10, okwana 7 angathe kukhala osagwa ngati alandira mankhwala oyenera.

Tulo ta phenobarbitone timacepa pakapita masabata ocepa thupi likazolowera, ndipo n'cifukwa cace amamwedwa usiku pogona. Ana ena m'malo mogona amasanduka osakhazikika ndi aukali. Carbamazepine amabweretsa cizungulire ndi kuona zinthu ziwiriziwiri. Phenytoin amatupitsa nkhama, motero wodwala azitsuka mano m'mawa ndi madzulo. Sodium valproate amanenepetsa, ndiponso angathe kupundula mwana ali m'mimba. Zotere zikavuta, wodwala abwerere kumene analandira mankhwala. A cipatala ndiwo angacepetse muyeso kapena kusintha mtundu, ndipo zikakanika amatumiza wodwala ku UTH kapena ku Chainama mu Lusaka.

Koma pali zizindikiro zosayenera kudikira tsiku la pa khadi: zidzolo pa thupi, zilonda m'kamwa, kutentha thupi, kapena maso acikasu. Wotere apite ku cipatala tsiku lomwelo. Cimodzimodzinso amene wagwa kupitirira mphindi 5.

Mayi amene afuna kutenga mimba ayambe wafunsa a cipatala, ndipo amene ali nayo kale asaleke mapilisi yekha. Phenobarbitone, carbamazepine ndi phenytoin amafooketsa mapilisi olera ndi Jadelle woikidwa pa mkono, ndiponso amalimbana ndi ma ARV ena. Wodwala anene mankhwala onse amene akumwa, ngakhale a zitsamba. Mowa, kaya cibuku kaya kacasu, umaonjezera tulo ndi kuutsa matenda.

Acibale ali ndi mbali yao. Azikumbutsa wodwala nthawi yomwera, ndi kukatenga mapilisi ena akale asanathe, makamaka dzinja likayandikira pamene misewu ya m'midzi imavuta. Wopita kukaceza ku Mtendere kapena ku Kanyama anyamule khadi ndi mapilisi okwanira ulendo wonse. Wodwala akagwa amucotse pa moto, amugoneke cam'mbali, osamuika supuni m'kamwa. Thovu lace silipatsira munthu khunyu.