Kusamala Zinyalala pa Mudzi ndi m'Munda

Tsopano mvula yatha, cimanga calowa m'nkhokwe, ndipo fodya ali pa ulendo wa ku msika. Iyi ndiyo nyengo imene zinyalala zicuruka pakhomo ndi m'munda. Alimi ambiri angozikokera pamodzi nazitentha, kapena kuzitaya ku dzala kuseri kwa nyumba. Koma zinyalala siziri za mtundu umodzi iai. Zina ziri cakudya ca nthaka, zina zisunga nthenda za mbeu, ndipo zina zikhoza kupha ciweto kapena mwana. Mlimi wanzeru ayamba wazipatula.

Zimene ziola

Mapesi, makoko, masangwi a mtedza ndi nyemba, zosesa za pabwalo, phulusa, ndowe ndi zitosi, zonsezi zinacokera m'nthaka ndipo ziyenera kubwerera komweko. Munthu wotentha mapesi atsala ndi phulusa pang'ono limene mphepo iulutsa, pamene cakudya cobiriwitsa cimanga capita ndi utsi. Munda wace ukhala pamtetete, ndipo mvula yoyamba ikokolola dothi lacondelo kunka nalo ku mtsinje.

Njira yabwino ndiyo kugoneka mapesi m'munda kuti aphimbe nthaka, kapena kupanga nao manyowa. Kumbani nkhuti pa mthunzi, yakuya kulekeza m'cuuno. Pansi yalani mapesi odula-dula, pamwamba pace masamba aawisi, kenaka ndowe, ndi kuwazapo phulusa ndi dothi pang'ono. Thirani madzi kuti zinyowe, koma zisacite matope. Bwerezani comweco kufikira nkhuti itadzala, ndipo mubvundikire ndi udzu. Zikani mtengo pakati. Pakapita mlungu umodzi muusolole: ukakhala wofunda, dziwani kuti nchito iri kuyenda, ukakhala wozizira ndi wouma, onjezani madzi. Tembenuzani mwezi uli wonse. Pakutha miyezi itatu manyowa akhala akuda, ofumbutuka, opanda pfungo loipa. Amene ayamba mu June adzakhala nao asanafike masiku obzala.

Mitengo ya fodya

Imeneyi musaiphatikize ndi mapesi. Fodya wosiyidwa m'munda aphukanso, ndipo mphukirazo zisunga nsabwe m'cilimwe monse. Nsabwezo ndizo zitenga nthenda zopinimbiritsa fodya ndi kukazifikitsa ku nazale ya caka ca mawa, yanu ndi ya mnansi wanu yemwe. Mizu yace isunganso tizirombo ta m'nthaka timene titupitsa mizu. Cifukwa cace, mukangotsiriza kuthyola, zulani mitengo yonse ndi mizu yomwe, muiumitse ndi kuitentha. Zinyenyeswa za m'cigafa musazithire pa nazale kapena pa matimati, pakuti nthenda ya mawanga ikhalabe ndi moyo m'fodya wouma. Momwemonso zosesa za m'nkhokwe yakale zitenthedwe cimanga catsopano cisanalowe, kuti anankafumbwe asapeze poyambira.

Zimene siziola

Makolo athu anataya ku dzala zinthu zimene ciswe cinatha kudya. Lero pa dzala pali majumbo, zitini, mabotolo ndi mabatire, ndipo izi ciswe cizikana. Jumbo yokwiririka m'munda ikhala zaka zambiri, nitsekereza madzi ndi mizu. Mbuzi kapena ng'ombe ikaimeza, jumboyo ikhala m'cifu osagayika. Ciweto cionda pang'ono-pang'ono ngakhale msipu ulipo, ndipo mwini angozindikira tsiku losenda. Citini cotayidwa cisunga madzi a mvula momwe udzudzu uswana, ndiye malungo pakhomo. Cifukwa ca mabvuto otere, m'caka ca 2015 Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikuloni 60, ndipo mu 2019 bwalo lalikuru la apilo linagwirizana nalo lamulolo.

Popita ku msika tengani dengu kapena thumba la nsaru. Matumba a feteleza asungeni, adzagwiranso nchito. Pulasitiki musakolezere moto wophikira, pakuti utsi wace uononga cifuwa. Zotsala zosaola zikhale ndi dzenje lace-lace, lochingidwa kuti ana ndi ziweto asafikepo, ndipo litalikire citsime kapena mjigo mamita 30 kapena kuposa, kumunsi kwace osati kumtunda.

Zotengera za mankhwala

Apa ndipo pali ngozi yoposa zonse. Botolo la mankhwala opopera fodya kapena othira m'cimanga lioneka lokongola, ndipo amai alifuna kuti asungiremo mcere, mafuta kapena madzi a mwana wa sukulu. Musalole konse. Poizoni alowerera m'pulasitiki, ndipo sopo samcotsa. Mankhwala akatha, tsukuluzani botolo katatu, madziwo muwathire m'copopera, osati ku mtsinje kapena pa dambo. Pamenepo liboleni pansi kuti wina asalitole, mulisunge pamalo pokhoma pamodzi ndi mabatire akutha, ndipo mufunse mlangizi wa malimidwe wa kwanu za katayidwe kace.

Nchito imeneyi siifuna ndarama, ifuna khasu ndi khama. Koma munthu mmodzi sangaithe yekha, pakuti jumbo ya mnansi mphepo iiulutsira m'munda mwanu, ndipo nsabwe sizidziwa malire. Kambiranani nkhaniyi pa bwalo la amfumu mwezi uno, kuti pofika mvula nyumba iri yonse ikhale ndi maenje awiri, lina la manyowa, lina la zosaola.