Ngolo ya Paulendo wa M'tchire

Lero tikambirana za ngolo yokokedwa ndi galimoto, yonyamula tenti, madzi ndi ziŵiya paulendo wa m'tchire, monga wochokera ku Rumphi kudzera pa chipata cha Thazima mpaka ku Chelinda, pamwamba pa Nyika.

Mseu wotere umagwedeza ngolo kosalekeza. Tsono mmisiri awotcherere chimango chake ndi zitsulo zochindikala, ndipo chikhale chokwera kuti chisagunde miyala. Matayala afanane ndi a galimoto yokokayo, kuti tayala lapadera limodzi lithandize zonse ziŵiri.

Chachikulu ndi kapakiridwe. Katundu wolemera akhale pansi, chakutsogolo pang'ono kwa matayala. Akachulukira kumbuyo, ngolo imayamba kudzandira galimoto ikathamanga, ndipo ikhoza kuigubuduza pamodzi ndi anthu omwe. Kumbukirani kuti madzi okwana malita 60 amalemera makilogalamu 60.

Botolo la gasi limangidwe kunja, pamalo opita mphepo. Musananyamuke, koloŵekani unyolo pakati pa ngolo ndi galimoto, kuti cholumikizira chikamasuka ngoloyo isathaŵe yokha pamtsetse. Tsalani bwino, muyende mosamala.