Dokotala Waletsa Buledi, Koma Mtima Ukumufunabe

Kuchipatala munavomera ndi mtima wonse kuti simudyanso chilichonse chopangidwa ndi tirigu. M'mawa mwake, podutsa pamsika, fungo la mandasi otentha lakulowani m'mphuno, malovu adzaza m'kamwa, ndipo mwayamba kudzinyengerera kuti amodzi okha sangakupheni. Ngati izi zikukuchitikirani inu kapena mwana wanu, musadzione ngati munthu wopanda khama. Chibaba cha chakudya chimene mudazolowera kuyambira muli mwana sichitha chifukwa cha mawu a dokotala okha. Chimafuna kuchikonzekera.

Chimene chikuchitika m'matumbo

Mu tirigu, balere ndi mbewu ina yotchedwa rye muli guluteni, chinthu chimene chimapangitsa kuti ufa wokanda uzitamuka ndiponso buledi azifufuma. Kwa anthu ambiri guluteni alibe vuto. Koma kwa amene ali ndi matenda a celiac, chitetezo cha thupi chimamuona ngati mdani, ndipo pomenyana naye chimaononga timinofu ting'onoting'ono ta m'matumbo aang'ono timene timayamwa chakudya. Munthu amadya koma thupi silipindula. Amatsegula m'mimba, mimba imafufuma, magazi amachepa, mafupa amafooka, ndipo mwana amapinimbira. Padziko lonse, pafupifupi munthu mmodzi mwa 100 aliyense ali ndi matendawa.

Dokotala wa ana wa ku Netherlands, Willem Dicke, ndiye adatsimikiza za gwero la vutoli. Pa njala ya mu 1944 ndi 1945, buledi atasowa m'dzikomo, ana odwala matendawa adayamba kupeza bwino, koma buledi atabweranso adadwalanso. Mpaka lero mankhwala ake ndi amodzi: kusiya guluteni moyo wonse. Ndipo "pang'ono pokha" pamavulaza matumbo ngakhale tsiku limenelo musamve kupweteka kulikonse.

Ngati mukungodziganizira kuti muli ndi matendawa, musafulumire kusiya tirigu musanayezetse, chifukwa mukatero zoyeza zimatha kuonetsa ngati mulibe.

Chibaba chimakonda mimba yopanda kanthu

Onetsetsani nthawi imene mtima umafuna buledi kwambiri. Mudzapeza kuti ndi pamene mwachoka pakhomo mutangomwa tiyi, kapena masana akudutsa musanadye. Yambani tsiku ndi chakudya chokhalitsa m'mimba: phala la mgaiwa lothira nsinjiro, mbatata, chinangwa chophika, futali, dzira kapena nthochi zophika. Zakudya zimenezi zimagayika pang'onopang'ono, choncho njala sikudzidzimutsani muli pakati pa ogulitsa masikono.

Pano tili ndi mwayi umene odwala a ku Ulaya alibe. Nsima ya chimanga, kondowole, mpunga, mapira, mawere, nyemba, nandolo, nsomba, nyama ndi masamba, zonsezi mwachilengedwe zilibe guluteni. Chakudya chamasana ndi chamadzulo sichisintha konse. Nkhondo ili pa kadzutsa, paulendo ndi pamisonkhano. Chakudza sichiimba ng'oma, choncho m'chikwama mwanu musamasowe mtedza wokazinga, mbuliwuli kapena chipatso.

Dzifunseninso chimene mukuchifuna kwenikweni. Ngati ndi chokazinga chotentha, kazingani zitumbuwa za nthochi ndi ufa wa chimanga. Ngati ndi chodyera tiyi, phikani chigumu chopanda fulawa, muchidule zidutswa za masiku awiri kapena atatu. Kukoma kwake sikufanana ndi kwa buledi, ndipo sitikunamizani kuti kumafanana, koma lilime limazolowera. Chibaba chikakugwirani, chokani pamalopo, imwani madzi, gwirani ntchito ina. Chimakwera kenaka n'kutsika chokha.

Samalani ndi tirigu wobisika. Ogulitsa ena amathira fulawa m'zitumbuwa ndi m'chigumu. Tchipisi chokazingidwa m'mafuta amene munali mandasi kapena samusa sichabwino kwa inu. Masoseji ena, timibulu tokometsera ndiwo ndi mowa wa m'mabotolo wofululidwa ndi balere zilinso m'gulu lomweli. Werengani zolembedwa papaketi. Malamulo a zakudya a padziko lonse amalola mawu akuti "gluten-free" pokhapokha ngati guluteni sapitirira mamiligalamu 20 pa kilogalamu imodzi.

Pagulu ndiye povuta

Kukana chakudya kwathu kuno kumaoneka ngati mwano. Paukwati, pamaliro kapena pamsonkhano wa mphakati, mbale ya mabanzi ikamazungulira, ambiri amadya chifukwa cha manyazi osati njala. Nenani mwaulemu koma mosabisa: "Pepani, adokotala anandiletsa tirigu, amandivulaza m'matumbo." Amene amakukondani akamva kamodzi, ulendo wina adzakuphikirani mbatata. Inu apabanja, musamadye buledi pamaso pa mwana wodwala kwinaku mukumuuza kuti apirire. Kadzutsa wa banja lonse akakhala wofanana, mwanayo sadziona wosalidwa, ndipo aphunzitsi ake nawonso ayenera kudziwa.

Nanga Ukaristia?

Funso ili limavutitsa Akatolika ambiri odwala, chifukwa mkate wa pa Misa ndi wa tirigu. Likulu la Mpingo ku Vatican lidafotokoza mu 2003, ndipo lidabwerezanso mu 2017, kuti mkate wopanda guluteni konse sungagwiritsidwe ntchito pa Misa, koma wokhala ndi guluteni wochepa kwambiri ndi wololedwa. Amene thupi lake silingapirire ngakhale wochepayo angathe kulandira m'maonekedwe a vinyo okha, kuchokera m'chikho chapadera chimene simunagwere kachidutswa ka mkate. Kambiranani ndi bambo mfumu a parishi yanu komanso dokotala wanu, m'malo mongosiya kulandira mwakachetechete.

Tsiku lina mukadzagonja n'kudya sikono, musataye mtima n'kunena kuti zonse zaonongeka. Bwererani pa chakudya chotsatira, ndipo dzifunseni chimene chinakupezetsani: njala, manyazi kapena kutopa. Matumbo amachira pang'onopang'ono, miyezi ingapo kwa ana ndipo nthawi yotalikirapo kwa akulu. Mphamvu zikayamba kubwerera, fungo la mandasi lidzakhalapobe pamsika, koma mudzalidutsa mtedza wanu uli m'manja.