Digiri yophunzirira m'banki: mwana wanu akakhala akuchita chiyani?

Makolo ochokera ku Malawi ndi ku Zambia amene akulera ana kuno ku England akamva kuti ndimalemba mapulogalamu a kompyuta m'banki, ambiri amandifunsa za nkhani imodzi. Mwana wakhoza bwino ma A-level, koma akukana kupita ku yunivesite, akuti akufuna degree apprenticeship. Kodi kumeneku si kudzitaya? Nkhawa yawo ndimaimvetsa, chifukwa kwathu tikamva zophunzira ntchito uli pa ntchito timaona mnyamata wa pagalaja amene sukulu inamukanika. Ine ndimayang'anira achinyamata otere tsiku ndi tsiku, choncho ndiloleni ndifotokoze mmene zimakhalira.

Ndondomekoyi inayamba ku England mu 2015. Wachinyamata amalembedwa ntchito, amalandira malipiro mwezi uliwonse, ndipo pa nthawi yomweyo amalembetsedwa ku yunivesite. Pafupifupi tsiku limodzi mwa masiku asanu a ntchito limakhala la maphunziro, ndipo tsikulo amalipidwanso. Pakatha zaka zitatu kapena zinayi amavala gauni ngati wina aliyense, ndi digiri ya BSc. Imene mabanki amaikonda imatchedwa Digital and Technology Solutions, ndipo mkati mwake munthu amasankha mbali yake: kulemba mapulogalamu, kusanthula data, kapena kuteteza makompyuta kwa akuba a pa intaneti. Goldman Sachs yakhala ikuphunzitsa achinyamata ake ndi Queen Mary University of London, J.P. Morgan ndi University of Exeter, pamene Lloyds Banking Group yagwirapo ntchito ndi Manchester Metropolitan University.

Fizi mwana salipira, ndipo sikuti mabanki ndi achifundo. Kuyambira mu April 2017 kampani iliyonse imene malipiro a antchito ake onse amapitirira £3 miliyoni pa chaka imadulidwa msonkho wa 0.5 peresenti wa malipirowo, wotchedwa apprenticeship levy. Banki imapereka msonkhowu ifune isafune, ndipo njira yoti ipindule nawo ndi kuphunzitsa anthu ake. Mnzake amene wapita ku yunivesite mwa nthawi zonse fizi yake inafika pa £9,535 m'chaka cha 2025/26, ndipo ambiri amatuluka ndi ngongole imene amaibweza kwa zaka zambiri.

Nanga m'bankimo amachitamo chiyani? Achinyamata ambiri amabwera akuganiza kuti akapanga app yatsopano yonyezimira. Chimene amapeza ndi mapulogalamu akale, ena olembedwa iwo asanabadwe. Mabanki akuluakulu ambiri akadali ndi makompyuta aakulu otchedwa mainframe, oyendera chilankhulo cha COBOL cha mu 1959, ndipo pamwamba pake anamangapo za Java, Python ndi zina. Ndalama imene mumatumiza pa foni n'kufika kwa mnzanu m'masekondi ochepa kudzera mu Faster Payments, njira imene inayamba mu 2008, imadutsa m'mapulogalamu ambiri otere, ndipo pulogalamu iliyonse ili ndi gulu lake la anthu oisamalira. Ntchito yoyamba ya wophunzira nthawi zambiri imakhala kuwerenga zimene ena analemba, kuzimvetsa, kenako n'kusintha mizere yochepa chabe.

Mizere yochepayo siipita kwa makasitomala tsiku lomwelo. Imayamba yawerengedwa ndi mnzake wodziwa, chimene timachitcha code review, ndipo ndemanga zimabwera zambiri. Kenako imayesedwa pa makompyuta oyeserera momwe mulibe ndalama zenizeni. Kenako pamafunika chilolezo cholembedwa, chosonyeza amene wasintha, chifukwa chake, ndi mmene tingabwererere ku zakale zikavuta. Wolemba pulogalamu saloledwa kuiika yekha pa production, komwe kuli maakaunti a anthu. Chakumapeto kwa chaka mabanki ambiri amaimitsa kaye zosintha zonse zosafunika mwachangu, poti ndi nthawi imene anthu amagula kwambiri. Wachinyamata wa zaka 18 amene anazolowera kupanga zinthu usiku umodzi kuchipinda kwake zimenezi zimamutopetsa, ndipo ena amadandaula poyera.

Ndikafuna kuti amvetse, ndimawauza nkhani ziwiri. Pa 1 August 2012 kampani ya Knight Capital ku America inaika pulogalamu yatsopano pa makompyuta ake ogulira ndi kugulitsira masheya, koma kompyuta imodzi mwa zisanu ndi zitatu inatsala ndi pulogalamu yakale. M'mphindi pafupifupi 45 kampaniyo inataya ndalama zoposa $400 miliyoni. Kuno ku Britain, mu April 2018, banki ya TSB inasamutsira maakaunti a makasitomala ake ku makompyuta atsopano, zinthu n'kusokonekera, anthu ambirimbiri n'kulephera kufikira ndalama zawo, ena kwa masabata. Mu December 2022 mabungwe oyang'anira mabanki, FCA ndi PRA, anailipitsa chindapusa cha £48.65 miliyoni. Kuseri kwa manambalawa kunali anthu olephera kulipira lendi ndi mabizinesi ang'onoang'ono olephera kulipira antchito. Kwa ine, phindu lalikulu la kuphunzira uli pa ntchito lili pamenepa. Kusamala ndi ndalama za eni ake kumalowa m'magazi munthu akadali wamng'ono, ataona yekha mmene chipinda chimakhalira chete pulogalamu ya malipiro ikaima masana. M'kalasi angakuuzeni za zimenezi, koma simungazimve mofanana.

Zolemetsa zilipo, ndipo makolo azizidziwa. Tchuthi cha miyezi itatu chimene ophunzira a ku yunivesite amakhala nacho, wophunzira wa m'banki sakhala nacho. Pali masiku a tchuthi a wantchito basi. Tsiku limodzi la maphunziro silikwanira, choncho ma assignment amadya madzulo ndi Loweruka. Anzake akamasangalala m'mahositelo, iye amakhala pakati pa anthu a msinkhu wa makolo ake. Ndinaonapo mtsikana wanzeru kwambiri akutsala pang'ono kusiya m'chaka chachiwiri chifukwa ntchito yofunika kuperekedwa inakumana ndi mayeso, ndipo ankachita manyazi kunena. Tinamuchotsera ntchito zina ndipo anamaliza. Mwana amene sakudziwa bwino ngati makompyuta ndiwo moyo wake, kapena amene mtima wake uli pa masamu ozama ndi kafukufuku, yunivesite ya nthawi zonse ingamuyenere kuposa banki, ndipo ndimawauza zimenezi mosabisa.

Kulowa n'kovuta, chifukwa malo ndi ochepa ndipo ofuna ndi ambiri. Mwana amafunsira ku kampani, ngati ntchito ina iliyonse. Malo amalengezedwa pa mawebusaiti a mabankiwo, pa UCAS ndi pa tsamba la boma la Find an apprenticeship, ambiri kutatsala miyezi yambiri kuti mayeso a A-level alembedwe. Pamakhala mayeso a pa intaneti, intavyu ya pa vidiyo, kenako tsiku loyesedwa pamodzi ndi ena. Ife ofunsa sitiyembekezera katswiri. Timafuna kumva kanthu kamene anayesa kupanga yekha, pamene kanamuvuta, ndi zimene anachita. Afunsire ku yunivesite kudzera ku UCAS pa nthawi yomweyo, chifukwa kufunsira kuwiriku sikuletsana.

Kwa abale amene ali ku Lilongwe, Chipata kapena Tete, njira imeneyi si yolowera ku Britain. Pamafunika chilolezo chogwira ntchito kuno, ndipo kawirikawiri munthu akhale atakhala m'dziko muno zaka zitatu asanayambe. Ku Scotland dzina lake ndi Graduate Apprenticeship ndipo malamulo ake ndi osiyana, choncho banja limene lili ku Glasgow kapena Edinburgh liyang'ane a kumeneko.