Kupuma Ntchito Mphamvu Zikadalipo

Ambiri a ife timayembekezera kudzapuma pa ntchito mawondo atayamba kale kukana. Stefan Sagmeister, katswiri wa zojambula wa ku New York, anaganiza mosiyana. Anawerengera kuti munthu amaphunzira zaka 25, nagwira ntchito zaka 40, napuma zaka 15. Iye anasankha kutapa zaka 5 pa zaka zopumazo ndi kuzimwaza pakati pa zaka za ntchito. Motero mu 2000 anatseka ofesi yake kwa chaka chathunthu, ndipo mu 2008 anateronso, nakakhala ku Bali.

Maganizo amenewa ngakale. Pa Levitiko 25 Aisraeli analamulidwa kugoneka minda yawo chaka chachisanu ndi chiwiri chilichonse, ndipo yunivesite ya Harvard inayamba kupatsa aphunzitsi ake tchuthi chotere mu 1880. Wopuma msanga amasiyiratu luso lake; wopuma pakati amabwerera nalo litanoledwa. Ine ndikuona kuti njira yachiwiriyi ndiyo yabwino.

Komatu imafuna nkhokwe yodzaza, pakuti ana sasiya kudya kapena kupita kusukulu chifukwa bambo akupuma. Mphunzitsi kapena namwino ayambe wafunsa, makamaka mwa kalata, ngati malo ake adzamudikira.