Malupanga a m'sewero ndi minsi iwiri mu mtondo umodzi

Nonse mukudziwa mmene amayi awiri amakonolera chimanga mu mtondo umodzi. Munsi wina ukamatsika, wina umakhala ukukwera. Palibe woopera chala chake, chifukwa nyimbo yawagawira kale nthawi. Gwirani chithunzi chimenechi, abale anga, pakuti ndicho chingatimasulire zimene timaona m'sewero kapena m'filimu, anthu awiri akamatemana ndi malupanga mpaka wina kugwa, koma madzulo onse n'kubwerera kwawo opanda ndi bala lomwe.

Mayina amene a zisudzo amatchula pokonza ndewu zoterezi sanabadwire pasiteji. Anachokera kwa akatswiri akale a ku Ulaya amene ntchito yawo inali kuphunzitsa munthu kudziteteza ndi kupha. Buku lakale kwambiri la maphunzirowa limene lilipobe kumeneko limasungidwa ku Royal Armouries, mumzinda wa Leeds. Linalembedwa ku Germany kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1300, ndipo zithunzi zake zimaonetsa wansembe akuphunzitsa mnyamata kugwira lupanga ndi kachishango kozungulira. Chakumapeto kwa bukulo kumaoneka mayi wotchedwa Walpurgis, nayenso lupanga lili m'manja.

Pambuyo pake kunatchuka Johannes Liechtenauer, amene anaika chiphunzitso chake m'mizere ya ndakatulo kuti ophunzira aziloweza. Iye anali ndi kaimidwe kanayi, ndipo mayina ake ndi a munthu wodziwa mudzi. Ochs ndi ng'ombe: manja ali pambali pa mutu, nsonga yaloza nkhope ya mdani ngati nyanga. Pflug ndi pulawo: manja ali m'chiuno, nsonga yayang'ana m'mwamba. Vom Tag ndi lupanga lokwezedwa paphewa kapena pamwamba pa mutu. Alber ndi chitsiru, chifukwa nsonga imaloza pansi, munthu n'kuoneka ngati waiwala kuti ali pa ndewu, chonsecho akuitana mnzake kuti alowe mumsampha. Ku Italy nako Fiore dei Liberi, m'buku lake la cha m'ma 1409, anali ndi kaimidwe kotchedwa chitseko chachitsulo ndi kena kotchedwa dzino la nguluwe, kamene lupanga limabaya kuchokera pansi kukwera.

Koma mtima wa chiphunzitso cha Liechtenauer suli pa kaimidwe. Uli pa nthawi, ndipo mawu ake ndi atatu. Vor ndi pamene iwe wayamba, mnzako n'kumangoyankha. Nach ndi pamene watsalira, ukuyankha za mnzako. Indes ndi kanthawi kakang'ono ka pakati, pamene malupanga akhudzana ndipo dzanja lako lamva ngati mnzako akukankha molimba kapena mofewa, iwe n'kuchitapo kanthu pompo.

Tibwerere pamtondo paja. Amayi aja nawo amadziwa woyamba, wotsatira ndi kanthawi ka pakati. Kungoti iwo amasunga nthawiyo kuti minsi isagundane. Munthu wa ndewu yeniyeni amaphunzira nthawi yomweyo kuti aiswe: amafuna kutsitsa munsi wake pamene dzanja la mnzake likadali mu mtondo. Wa zisudzo amatenga mayina onse a katswiri wakupha uja, koma n'kuwagwiritsa ntchito ngati mayi wokonola. Amene waima naye maso ndi maso si mdani. Ndi mnzake wa pantchito, ndipo aliyense wanyamula moyo wa mnzake.

Mayinawa analowa m'zisudzo kalekale. M'masiku a Shakespeare, mumzinda wa London munali aphunzitsi a ku Italy ophunzitsa rapier, lupanga lalitali lowonda limene mphamvu yake ili pa kubaya. Mmodzi wa iwo, Vincentio Saviolo, anasindikiza buku lake kumeneko mu 1595, ndipo mu 1599 George Silver analemba lake lotsutsa njira za alendowo. Mkangano umenewu umamveka mu Romeo and Juliet, pamene Mercutio akunyoza Tybalt potchula passado, kubaya uku ukuponda phazi kutsogolo, ndi punto reverso, kubaya kochokera kumanzere dzanja litatembenuka. Oonerera ankawadziwa mawuwa, ndipo ena mwa iwo anali ndi malupanga m'chiuno. Ochita zisudzo nawo sanali alendo ku chitsulo. Richard Tarlton, wa nthabwala wotchuka, anavomerezedwa kukhala katswiri wa lupanga mu 1587, ndipo mu 1598 mlembi Ben Jonson anapha wa zisudzo Gabriel Spencer pa ndewu yeniyeni ya malupanga.

Chimene chinathandiza kwambiri a zisudzo a lero ndi manambala. Camillo Agrippa, mu 1553, anaika kaimidwe m'magulu anayi n'kungowawerenga: koyamba, kachiwiri, kachitatu, kachinayi. Afalansa anadzakhala ndi njira zisanu ndi zitatu zotchingira, kuyambira prime mpaka octave. Wokonza ndewu ya m'sewero akanena kuti uyu ateme pamutu ndipo uyo atchinge ndi chachisanu, onse awiri amadziwa pamene zitsulo zikumane. Chachitatu ndi chachinayi zimateteza mbali ziwiri za chifuwa. Ndewu yonse imalembedwa choncho papepala, n'kulowezedwa. Imeneyo ndiyo nyimbo yawo ya pamtondo.

Tsono onani zimene amasintha. Asanateme, awiriwo amayang'anana kaye m'maso. Wotema amakweza lupanga moonekera bwino, mnzake n'kusuntha kapena kuika chotchingira pamalo, ndipo pokhapo m'pamene lupanga limatsika. Pa ndewu yeniyeni kukweza dzanja moteroko n'kudzipereka ku imfa, chifukwa wauza mdani kumene ukupita. Pasiteji ndi ulemu kwa mnzako, komanso kumathandiza wokhala kumbuyo kwenikweni kwa holo kuona nkhani. Mtunda nawo amausunga woti nsonga iperewere pang'ono, kapena amaloza pambali pa thupi. Wotema amaimitsa yekha lupanga lake, kuti ngakhale mnzake ataiwala kutchinga lisamufike. Malupangawo ndi obuntha, koma akadali chitsulo, ndipo chitsulo chobuntha chimathyola chala n'kuboola diso. N'chifukwa chake amayamba kuyeserera pang'onopang'ono ngati anthu oyenda m'madzi, ndipo tsiku lililonse la sewero amabwereza ndewuyo oonerera asanalowe. Ana athu a kusekondale akamakonza Macbeth kapena Romeo and Juliet, ndimafunitsitsa aphunzitsi atadziwa zimenezi, n'kusiya zikwanje kunyumba.

Ntchitoyi tsopano ili ndi eni ake. Bungwe la Society of British Fight Directors linakhazikitsidwa mu 1969, ndipo la ku America mu 1977. Bob Anderson, amene anaimirira Britain pa masewera a malupanga ku mpikisano wa Olympics mu 1952, ndiye anavala zovala za Darth Vader pa ndewu za m'mafilimu awiri a Star Wars, n'kudzakonzanso za mu The Princess Bride ndi The Lord of the Rings.

Alipo anthu lero amene amawerenga mabuku akale aja n'kumayeserera zimene zalembedwamo, ndipo ena mwa iwo amadandaula kuti ndewu za m'filimu n'zabodza: zimatalika, zitsulo zimangogundana, pamene yeniyeni ikanatha m'kamphindi. Akunena zoona, koma ine sindiwaimba mlandu a zisudzo. Ndewu yotha munthu asanaphethire siuza woonerera kuti wamantha ndani, wodzikuza ndani, wotopa ndani. Wokonza waluso amatenga choonadi cha m'mabuku akale n'kuchipatsa nthawi yoti chioneke. William Hobbs anachita zimenezo mu Rob Roy, filimu ya mu 1995. Tim Roth wagwira lupanga lopepuka, akuzungulira n'kumacheka pang'onopang'ono. Liam Neeson wagwira lolemera la ku Scotland, ndipo kutema kulikonse kophonya kukumudya mphamvu mpaka akukoka lupangalo pansi, mpweya ukumuthera. Pomaliza agwira lupanga la mdani wake ndi dzanja lamanzere, magazi akuchucha, n'kutema kamodzi.