Michesi: Phiri Loona ndi Maso, Lomva ndi Lilime

Ambiri a ife tikapeza intaneti yaulere timathera nthawi pa makanema a anthu oyenda ku Asia. Mmawa ali pa Taj Mahal mumzinda wa Agra, madzulo ali m'tinjira ta Delhi kapena Bangkok, akulawa izi ndi izo pa tebulo la m'mbali mwa msewu. Si masewera ayi. Ku Singapore, malo ogulitsira zakudya zophikaphika anawalemba m'kaundula wa chikhalidwe wa UNESCO mu 2020. Anthu a kumeneko anazindikira kuti mlendo amene waona nyumba zazitali koma osalawa chakudya, dzikolo sanalidziwe. Ndalama ya ndege tilibe. Koma kayendedwe kameneka tingakayese pafupi pomwe pano, ku Michesi m'boma la Phalombe, ndipo chodabwitsa n'chakuti mbale ya kumeneko ikatifikitsa ku India komweko.

Tiyambe ndi zoona ndi maso. Michesi ndi phiri lotalika kuposa mamita 2,000, loima palokha kumpoto chakummawa kwa Mulanje. Limaphimbika ndi mbiri ya mkulu wake, poti alendo ambiri amathamangira ku Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002. Pakati pa mapiri awiriwa pali mpata, ndipo mpatawo ndiwo uli ndi nkhani. Munali modutsa amalonda a akapolo opita kunyanja yamchere ku Mozambique. Pofuna kutseka njirayo, boma la atsamunda linamangapo linga la Fort Lister mu 1893, ndipo mabwinja ake alipo mpaka lero. Wokhala m'tsinde mwa phirili akamalozera zipsera za m'matanthwe, amakumbukanso za March 1991, pamene madzi, matope ndi miyala zinatsika ndi kupha anthu mazanamazana. Akuluakulu amati kunadutsa Napolo. Ife ophunzira zauphunzitsi tidzafotokoza m'kalasi za mvula yochuluka ndi nthaka yokhuta madzi pamalo otsetsereka, koma mwana wa ku Phalombe adzabwera ndi mawu a agogo ake, ndipo ndi bwino tiyambe tawamva.

Ngakhale nthano za phirili zimakamba za chakudya. Amati ukamayenda m'nkhalango yake ungapeze chakudya chophikidwa kale popanda wophika, ndipo lamulo lake ndi kudya wekha osaitana mnzako. Sitikhulupirira za mizimu yogawa nsima. Chotisangalatsa n'chakuti lamulolo ndi losemphana kotheratu ndi la m'midzi ya m'munsi mwake, momwe kudya osaitana wodutsa ndi manyazi.

M'midzimo ambiri ndi Alhomwe, amene makolo awo analowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa za m'ma 1900, kuthawa njala ndi nkhanza za Apwitikizi. Zakudya zawo zodziwika ndi za anthu odziwa kupulumuka. Makaka ndi chinangwa chosenda n'kuyanika padzuwa. Chimasungika miyezi, ndipo chimanga chikatha m'nkhokwe amachiphika pamodzi ndi nandolo. Munthu akadya mmawa amalima mpaka dzuwa kupendeka.

Mfumu ya zonse ndi kalongonda. Ndi nyemba zikuluzikulu za pachibale ndi chitedze, ndipo zili ndi mankhwala otchedwa L-dopa ochuluka zedi. Wodya zosapsa bwino amasanza, mutu umazungulira, ena amasokonezeka kumene. N'chifukwa chake kalongonda saphikidwa mothamanga. Amamuwiritsa, kutaya madzi, kuthira ena, kuwiritsanso, kusenda makungu, mpaka madzi akuda aja atayera. Ntchitoyo imadya tsiku ndi mtolo wa nkhuni. Mayi amene amadziwa kuti tsopano wapsa sanalowe mu labotale, koma zimene akuchitazo ndi sayansi yochotsa poizoni ndi madzi otentha. Pano pali chenjezo kwa mnzathu wokonda kuyesa zinthu: kalongonda amalawidwa kwa wodziwa kuphika, osati kugula wosaphika n'kukamuteleka pa mbaula ya ku hositelo. Ndipo taonani, nyemba yomweyi asing'anga a ku India akhala akuigwiritsa ntchito kuyambira kale, ndipo L-dopa ndi amene madokotala amapatsa odwala matenda onjenjemera a Parkinson.

Tsono nandolo. Minda ya ku Phalombe, Mulanje, Chiradzulu ndi Thyolo imaoneka yobiriwira ngakhale chimanga chitakololedwa, chifukwa nandolo amatsala chiimire, mizu yake yozama ikutunga chinyezi pansi ndi kubwezera chonde m'nthaka. Mbewuyi kwawo ndi ku India. Kumeneko amaichotsa khungu, kuigawa pakati, n'kuiphika ndi zokometsera kukhala msuzi wotchedwa dal, umene mabanja miyandamiyanda amadyera mpunga kapena chapati tsiku ndi tsiku. India amalima nandolo wambiri kuposa dziko lina lililonse, komabe samukwana. Iwo amakolola chakumapeto ndi kumayambiriro kwa chaka, ife timakolola chapakati pa August ndi October, nkhokwe zawo zitapungulika. Ndiye matumba amene mavenda amapima pa sikelo ku Migowi amakathera pa sitima zapamadzi zopita ku Mumbai. Mlendo wa mu kanema uja akamanyambita dal ku Delhi, n'kutheka ndithu kuti akudya thukuta la mlimi wa m'tsinde mwa Michesi.

Ubale umenewu uli ndi minga yake. Mu 2017 India anakolola zochuluka ndipo anaika malire pa nandolo wochokera kunja. Mtengo kuno unagwa chagada, alimi n'kutsala ndi matumba opanda wogula, ana ena fizi n'kusowa. Mu 2021 maiko awiriwa anagwirizana kuti India azigula matani 50,000 pachaka kwa zaka 5. Zinathandiza, koma msika ukadali umodzi, ndipo chigamulo cha mu ofesi ya ku New Delhi chimamveka m'thumba la mlimi wa ku Phalombe. Phunziro la malonda a pakati pa maiko limene timaloweza movutikira lija lili m'mbale ya makaka ndi nandolo.

Kwa ife a Adventist, kulawa zakudya za eni dera kuli ndi funso lake. Phalombe ali pafupi ndi nyanja ya Chilwa, ndipo m'misika mumapezeka matemba, makumba ndi milamba. Matemba ndi makumba ali ndi mamba. Mlamba ulibe, choncho malinga ndi Levitiko 11 sitidya, monganso mbewa ndi nkhumba. Vuto si kukana, koma nthawi yokanira. Kunena mbale zitafika kale pamphasa ndi kuchititsa manyazi mayi amene wagula ndiwo yodula chifukwa cha ife. Tinene msanga, moni ukangotha, ndipo tinene ndi chimene timadya: "Mayi, ife nandolo ndi chigwada ndiye kwathu." Palibe amakhumudwa ndi mlendo wopempha ndiwo za m'munda mwake. Thobwa nalo tifunse kuti laphikidwa liti, poti likagonera masiku limasanduka china.

Wofuna kupita, nyengo yabwino ndi ya chilimwe, kuyambira May mpaka October, pamene njira zili zouma ndipo nandolo wamuwisi ali pamsika. Msewu wochokera ku Chitakale umadutsa ku Likhubula, m'mbali mwa Mulanje, mpaka pa boma la Phalombe; wochokera ku Zomba angadzere ku Jali. M'phiri simukwera munthu yekha. Tipeze wotitsogolera wa m'deralo, timulipire moyenera, ndipo tidziwitse a mfumu. Amene angafike mu October angaonjezere ulendo wa ku Chonde m'boma la Mulanje, kumene kumachitikira mwambo wa Mulhako wa Alhomwe. Kumeneko kalongonda ndi makaka zimagulitsidwa zophikaphika, ng'oma za tchopa zikulira.